Luso liti, batani liti? Mmene nkhondo imayendera m'magemu a pa intaneti ukamasewerera ku Lusaka

M'timashopu ta magemu ta ku Matero, Chawama kapena Mtendere, phokoso lalikulu ndi la mpira wa pa PlayStation, ndipo m'mafoni mwa achinyamata mwadzaza PUBG Mobile ndi Free Fire. Koma pali mtundu wina wa magemu umene uli ndi anthu akeake muno mu Lusaka, ambiri mwa iwo ophunzira a kuyunivesite ndi apantchito amene ali ndi laputopu kunyumba. Awa ndi magemu amene umapanga munthu wako mmodzi, n'kumuponya m'dziko lalikulu momwe anthu ena masauzande akusewera nthawi yomweyo, kenako n'kumakula naye kwa miyezi kapena zaka. Dzina lawo ndi MMORPG. World of Warcraft, RuneScape, Final Fantasy XIV, Albion Online ndi EVE Online onsewa ndi a mtundu umenewu.

Wongolowa kumene sachedwa kukumana ndi funso limene ngakhale akatswiri amakanganirana: gemu yandipatsa pointi imodzi, maluso alipo ambirimbiri, ndiike pati? Njira yachidule ndi kupita pa YouTube, kupeza munthu amene akuti iyi ndiye build (kagawidwe ka mapointi pa maluso) yoposa zonse, n'kukopera mzere ndi mzere. Ma build amenewa si abodza ayi, anthu anachita kukhalira pansi n'kuwawerengera bwinobwino. Chimene sakuuza n'chakuti anawerengera wosewera wa ku Frankfurt, ku Seoul kapena ku California, amene seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa gemu, ili pakhomo pake ndipo magetsi sathima. Ife tili kutali, ndipo mtundawo umalowa m'masamu a nkhondo.

Kuseri kwa malupanga ndi malawi a moto amene amaoneka pa sikirini kuli manambala okhaokha. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, sewero la patebulo la mapepala, mapensulo ndi madayisi. Wosewera akati "ndikumutema ndi lupanga", ankaponya dayisi ya mbali 20, ndipo nambala yotulukayo ndiyo inkanena ngati lupanga lafika kapena laphonya. Mu 1978, pa University of Essex ku England, Roy Trubshaw anayamba kulemba MUD, yomwe Richard Bartle anadzaipitiriza: gemu ya mawu okhaokha imene anthu angapo ankalowamo limodzi pa makompyuta olumikizana. DikuMUD ya ku Copenhagen, ya 1991, inakhazikitsa dongosolo la magulu a asilikali, malevulo, kupha zilombo n'kutola katundu. EverQuest ya 1999 inaliveka zithunzi dongosololi, ndipo World of Warcraft ya 2004 inalifikitsa kwa anthu ochuluka, mpaka olipira pamwezi anafika 12 miliyoni mu 2010. M'zaka zonsezi dayisi ija sinachoke. Lero ukadina batani, seva ndiyo imaponya: nkhonya yafika kapena ayi, ndi yowirikiza ija amati crit kapena yawamba, zovala zachitsulo za mdani zichotsapo zingati, moyo wake watsala wochuluka bwanji.

Pointi imachokera kuti

Opanga magemu sagwirizana ngakhale pa funso loyambirira, loti munthu luso azilipeza bwanji. World of Warcraft inatenga njira ya magulu. Poyamba pomwe umasankha kukhala warrior, mage, priest, rogue kapena wina, ndipo munthu ameneyo adzakhala wotero mpaka kalekale. M'gemu ya 2004, kuyambira levulo 10 unkalandira pointi imodzi pa levulo iliyonse, kotero pofika levulo 60, yomwe inali mapeto, unali ndi mapointi 51 oti ugawe pa mindandanda itatu ya maluso imene amaitcha mitengo. Nzeru yonse inagona pa nambala imeneyi. Luso lamphamvu lomaliza pa mtengo uliwonse linkafuna kuti uyambe wathira mapointi 30 mu mtengo womwewo, ilo n'kukhala la 31. Maluso awiri otere amafuna mapointi 62, iwe uli ndi 51. Unkatenga limodzi, 20 otsalawo n'kukawaza kwina. Ukasintha maganizo unkalipira: golide 1 koyamba, kenako 5, kenako 10, kukwerabe mpaka 50, ndalama imene wosewera wamba ankachita kuikhetsera thukuta.

Pa pepala, njira zogawira mapointi 51 n'zosawerengeka. Koma osewera okonda masamu anaziyesa, n'kupeza kuti pa ntchito iliyonse pali njira imodzi kapena ziwiri zoposa zina zonse. Aliyense anakopera, ndipo wogawa mwa nzeru zake ankakanidwa m'magulu. Kampani ya Blizzard, eni ake a gemuyi, inazula mitengo yonse mu 2012, pa chigawo chatsopano cha gemu chotchedwa Mists of Pandaria, n'kuika mizere isanu ndi umodzi: pa malevulo 15 aliwonse, sankha luso limodzi mwa atatu. Ganizo linali lakuti kuli bwino kusankha kochepa koma kwenikweni kusiyana ndi kusankha kochuluka kwachiphamaso. Mfundoyo inali yomveka, koma anthu anasowa kukoma kuja kolandira kapointi levulo iliyonse, ndipo mu 2022, pa chigawo cha Dragonflight, mitengo inabwereranso. Ine ndimaona kuti mkangano umenewu ulibe mapeto, chifukwa gemu iliyonse ya manambala anthu adzaiwerengera mpaka yankho lipezeke. Ngakhale Path of Exile ya ku New Zealand, yomwe mtengo wake uli ndi timfundo topitirira 1,300, ambiri amaisewera atatsegula build ya munthu wina pambali.

Njira ina ilibe magulu onga warrior ndi mage n'komwe. Mu Ultima Online ya 1997 luso linkakula ukamaligwiritsa ntchito: tema ndi lupanga, luso la lupanga likwera, soka zovala, luso losoka likwera. Luso lililonse linkafika 100, koma onse pamodzi sankapitirira 700. Munthu ankatha kukhala katswiri pa maluso asanu ndi awiri basi, ndipo kuti lachisanu ndi chitatu likwere, lina linkayenera kutsika. RuneScape, ya kampani ya Jagex ku Cambridge, yomwe inayamba mu 2001, ili m'njira yomweyi koma ilibe denga lotere. Mtengo wake ndi nthawi yako. Levulo 2 pa pafupifupi luso lililonse imafuna XP (mapointi amene umapeza ukamagwiritsa ntchito luso) 83 yokha, pamene levulo 99 imafuna 13,034,431. XP yofunika imawirikiza kawiri pa malevulo pafupifupi asanu ndi awiri aliwonse, n'chifukwa chake wofika levulo 92 amakhala atangoyenda theka la ulendo.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri mu RuneScape n'chakuti kusankha kwakukulu nthawi zina ndi kukana luso. Gemu imaphatikiza Attack, Strength, Defence, Hitpoints, Ranged, Magic ndi Prayer n'kutulutsa nambala imodzi yotchedwa combat level, ndipo ku Wilderness, dera limene osewera amaphana okhaokha, umaloledwa kumenya okhawo amene nambala yawo yayandikana ndi yako. Ndiye ena anaganiza kuti, bwanji Defence ndiisiye pa 1, Strength ndiikweze mpaka kumwamba? Nambala idzaoneka ya mwana, nkhonya idzakhala ya munthu wamkulu. Awa amatchedwa ma pure. Pure amayenda mwamantha, chifukwa XP ikalowa siituluka. Akangomaliza quest, ntchito imene gemu yamutuma, yopereka XP ya Defence, kapena kuiwala kusintha kamenyedwe asanayambe kutema, ntchito ya miyezi yapita m'madzi.

EVE Online, ya ku Iceland, ya 2003, inachita zosiyana ndi onsewa: maluso umangowandandalika pamzere, ndipo amakula ndi wotchi yeniyeni, kaya uli pa kompyuta kaya wagona. Guild Wars ya 2005 inapatsa anthu maluso mazanamazana koma n'kunena kuti kunkhondo ulowa ndi asanu ndi atatu okha, ndipo limodzi lokha mwa iwo likhale la elite, lamphamvu kwambiri. Kusintha kunali kwaulere bola uli m'tauni. Albion Online, ya ku Berlin, yomwe inatuluka mu 2017, n'kukhala yaulere mu 2019 ndi kufika pa foni mu 2021, imati maluso ako ndi zimene wavala. Chida chimakupatsa mabatani atatu, chisoti limodzi, malaya limodzi, nsapato limodzi. Ukasiya uta n'kunyamula ndodo yochizira, pompo wasanduka healer.

Nthawi ndiyo ndalama yeniyeni ya kunkhondo

Maluso ukhoza kukhala nawo makumi atatu, koma sungawatulutse onse pamodzi. M'magemu a mtundu wa World of Warcraft muli kanthawi kotchedwa global cooldown, kapena GCD: ukagwiritsa ntchito luso limodzi, pafupifupi ena onse amatsekeka kwa masekondi 1.5. Mu Final Fantasy XIV ndi masekondi 2.5. Choncho m'mphindi imodzi ya nkhondo uli ndi mipata 40 m'gemu yoyambayo, 24 m'yachiwiriyo, ndipo mpata uliwonse umene wapereka ku luso lina walimana luso linzake. Pamwamba pa izi luso lamphamvu limakhala ndi cooldown yakeyake, mwina masekondi 30, mwina mphindi ziwiri, ndipo ambiri amadyanso mphamvu ya munthu wako, imene amaitcha mana, rage kapena energy.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione pafupi. Luso loyamba limavulaza 100 pompopompo n'kudya mpata umodzi wa masekondi 1.5, pa sekondi ndi 67. Lachiwiri limavulaza 270 koma limafuna kuti uime chilili masekondi 3 ukulikonza. Pa sekondi ndi 90. Lachitatu ndi poizoni wovulaza 300 pang'onopang'ono kwa masekondi 15. Wongoyamba kumene amakonda lachiwirilo chifukwa nambala yake imatuluka yaikulu pa sikirini, ndipo poizoni amamunyoza poona tima 20 tikudontha. Koma poizoniyo wakudyera mpata umodzi wokha wa masekondi 1.5, kwinako akugwira ntchito yekha iwe ukuchita zina. Pa nthawi imene wamuwonongera, wabweza 200 pa sekondi, kuposa ena awiri aja kutalitali. Ndiye dongosolo labwino ndi kuyamba ndi poizoni, kudzaza pakati ndi luso la 270, ndi kusunga la 100 lija podzathawa. Ndipo kuthawa kudzafika, chifukwa chilombo chachikulu, boss, chimayatsa moto pansi pomwe waima. Ukasuntha pa sekondi 2.5, luso la 270 lija laduka, wapeza ziro pa nthawi yonseyo. Mndandanda wotere wa chimene chiyambe ndi chimene chitsatire ndi umene osewera amautcha rotation, ndipo mapointi a pa mtengo uja kwenikweni amangosintha manambala a m'masamu amenewa.

Pa gulu nkhani imakula. Kuyambira masiku a EverQuest, magemu ambiri amagawa ntchito patatu: tank amalandira nkhonya, healer amabwezeretsa moyo, a DPS amapha. Kuti izi zitheke chilombo chiyenera kukhala chopusa mwadongosolo, chizimenya wovala zitsulo n'kusiya wochiza amene wavala mkanjo. Chimene chimachitika n'chakuti chilombo chilichonse chimasunga mndandanda wa mkwiyo, umene amati threat kapena aggro. Ukachivulaza, nambala yako imakwera. Ukachiza mnzako, imakweranso. Tank ali ndi maluso amene savulaza kwambiri koma amakweza mkwiyo msanga, komanso taunt, yomwe imachikakamiza kutembenukira kwa iye. Mu World of Warcraft yakale lamulo linali lomveka bwino: woima pafupi amalanda chilombo akapitirira 110 peresenti ya mkwiyo wa tank, woima patali akapitirira 130 peresenti. Tank akakhala pa 1,000, mage, amene amaima patali, ali ndi ufulu mpaka 1,300. Akangodutsa, chilombo chimasiya tank n'kuthamangira iye, ndipo popita chimapsereza ena onse amene chawapeza panjira. M'magulu a anthu 40 olowa ku Molten Core, phanga la zilombo zikuluzikulu m'gemuyi, mtsogoleri ankachita kukuwa kuti aliyense adikire kaye tank amange mkwiyo. Apa luso lochepetsa threat, lomwe pa mtengo limaoneka lopanda ntchito, ndilo linkalola munthu kumenya mwamphamvu osafa. Guild Wars 2 inayesa kuthetsa utatu umenewu mu 2012, aliyense azidzichiza yekha ndi kulewa yekha, koma itabweretsa nkhondo za magulu a anthu khumi mu 2015 inabweretsanso Druid, amene ntchito yake yaikulu ndi kuchiza anzake.

Mtunda wa pakati pa chala ndi seva

Nkhondo ya m'magemu amenewa ili m'mitundu iwiri ikuluikulu. Wakale uja ndi wosankha mdani: umamudina, gemu imamugwira, ndipo muvi ukauponya umamutsata ngakhale atathawa. Kufika kapena kuphonya ndi nkhani ya dayisi. Winawo, umene unatchuka ndi magemu a ku South Korea monga TERA ya 2011 ndi Black Desert Online, ndi wolunjika wekha: lupanga limatema pomwe wayang'ana, ndipo nkhonya ya mdani umailewa ndi chala chako pa kanthawi kochepa kwambiri. Wachiwiriwu ndi wokoma m'maso ndi m'manja, palibe angatsutse. Koma ndi umenenso mtunda umauluma kwambiri.

Chifukwa chake n'chakuti zimene ukuona pa sikirini si chigamulo. Zili ngati kutumiza ndalama pa foni pa kabuthi ka pamsewu: wadina, foni yavomera, koma mwini kabuthi sakupatsa kanthu mpaka uthenga ubwere. Kompyuta yako imaonetsa munthu wako akusuntha kuti usamve kuchedwa, koma seva ndiyo imanena kumene iye ali. Nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera ndiyo ping. Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Kuchoka ku Lusaka kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, kotero ngakhale chingwe chikanawongoka ngati muvi, kupita ndi kubwera kukanadya mamilisekondi 80. Koma Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere. Uthenga umayamba wayenda pamtunda kukafika kugombe, ku Namibia, South Africa, Mozambique kapena Tanzania, kenako n'kulowa m'zingwe za pansi pa nyanja monga WACS ndi Equiano kumadzulo, SEACOM ndi EASSy kummawa. N'chifukwa chake ping ya ku Ulaya kuno nthawi zambiri imazungulira pa mamilisekondi 200, ndipo bundle yodula kapena rauta yatsopano siingafupikitse nyanja. Johannesburg ili pafupi, ndipo Microsoft inatsegula malo a maseva ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, koma World of Warcraft ndi Final Fantasy XIV zilibe seva mu Africa. Albion ili ndi maseva atatu, ku Washington, ku Singapore ndi ku Amsterdam, ndipo ya Amsterdam, yomwe inatsegulidwa mu 2024, ndiyo yabwinoko kwa ife.

Ndinaonerapo mwana wa azakhali anga ku Kabwata akulimbana ndi boss m'gemu ina. Pansi panatuluka bwalo lofiira, chizindikiro choti pagwa moto. Mnyamatayo anadikira kuti amalize luso lake kaye, kenako n'kuthawa, ndipo pa sikirini munthu wake anali ataima panja pa bwalo, phazi lonse lili poyera. Moto utagwa, anagwa nawo.

"Akulu, onani, ine nachokamo kudala, manje nafa bwanji?"

"Wachokamo kuno ku Kabwata, mufana. Ku Ulaya ukadali momwemo."

Bwalo lija analiona mochedwa ndi mamilisekondi 100, ndipo kuthawa kwake kunakafika ku seva mochedwa ndi ena 100. Chenjezo likakhala la masekondi atatu, kutaya 0.2 si kanthu. Likakhala la theka la sekondi, monga zimakhalira m'magemu olewa ndi chala, pafupifupi theka la mpata wako latha usanaganize n'komwe.

Magemu a GCD ali ndi chifundo chobisika pa nkhani imeneyi. World of Warcraft imalola kudina luso lotsatira mamilisekondi 400 nthawi yake isanakwane. Seva imalisunga n'kulitulutsa pa nthawi yeniyeni. Ping ya 200 imakwana bwinobwino m'kampata kameneka, choncho rotation yako ingayende mofanana ndi ya munthu wa ku Paris. Chimene chimavuta ndi maluso oyankha, monga kudula matsenga a mdani asanawamalize.

Final Fantasy XIV ndi chitsanzo chabwino cha mmene gemu yooneka yodekha ingabisire msampha. GCD yake ya masekondi 2.5 ndi yaitali, ndiye opanga anaikamo maluso ena amene sawerengedwa mu GCD, oti uziwalowetsa pakati. Akatswiri amalowetsa awiri pakati pa ma GCD awiri aliwonse pamene nkhondo yafika pachimake. Koma luso lililonse limamanga munthu wako kwa masekondi pafupifupi 0.6, ndipo kuwerenga kwake kumayamba seva ikayankha. Tiwerengere. Wa ping ya 30: maluso atatu, la GCD ndi awiri apakati, lililonse 0.63, pamodzi 1.89. Akwana mu 2.5, malo n'kutsala. Wa ping ya 250: lililonse 0.85, pamodzi 2.55. Sakwana. GCD yotsatira yachedwa, ndipo kuchedwa kumeneku kukamabwerezeka kwa mphindi khumi, maluso angapo athunthu atayika. Mtundu wa msilikali m'gemu imeneyi amautcha job, ndipo job imene rotation yake yadzaza ndi maluso apakatiwa ikhoza kukhala pamwamba pa mndandanda uliwonse wa pa intaneti, koma m'manja mwa munthu wa ku Chilenje n'kutulutsa zochepa kuposa job yodekha imene mndandanda womwewo waiika pakati. Ubwino wake, m'gemu imeneyi munthu mmodzi akhoza kuphunzira ma job onse, kotero kuyesa sikufuna kuyambiranso.

RuneScape ili ndi wotchi yakeyake. Dziko lonse limayenda pa tick, masekondi 0.6 iliyonse, ndipo lupanga lokhota lija la scimitar limatema kamodzi pa ma tick anayi, masekondi 2.4. Chilichonse chimene wadina mkati mwa tick chimachitika pa tick yotsatira, choncho pa nkhondo wamba ping ya 200 siimveka kwenikweni. Imadzamveka ukafika pa zaukatswiri monga kuyatsa ndi kuthimitsa Prayer pa tick imodzimodzi. Mu November 2012 Jagex inasintha kamenyedwe konseka n'kuika mzere wa maluso ndi ma cooldown ngati magemu ena, kusintha kotchedwa Evolution of Combat. Osewera ambiri anakwiya, ndipo mu February 2013 kampaniyo inatsegula Old School RuneScape kuchokera pa kope la gemu la August 2007. Gemu yakaleyo inafika pa foni mu 2018 ndipo ikadali ndi khamu lalikulu mpaka lero. Anthu anasankha nkhondo yosavuta kuiona koma yozama pa nthawi, pa zovala ndi pa katatu kaja kakuti lupanga limaposa uta, uta umaposa matsenga, matsenga amaposa wovala zitsulo.

Kumbali ina kuli magemu a pa foni amene amamenya okha, monga Lineage 2 Revolution ya 2016, momwe umangodina batani limodzi munthu wako n'kumapha zilombo iwe ukudya nsima. Awa ping sawavuta. Koma nkhondo ikachoka m'manja, chotsala chosiyanitsa osewera ndi manambala a katundu, ndipo manambalawo kawirikawiri amagulitsidwa m'sitolo ya m'gemu momwemo. Ine amenewa sandikoka.

Ndiye wa ku Lusaka akatsegula build ya pa YouTube, funso loyamba lisakhale loti imavulaza zingati, koma loti ikufuna chiyani kwa chala ndi kwa netiweki. Luso limene limagwira ntchito lokha ukangoliponya, monga poizoni, chiweto chomenyera mwini wake, kapena chishango choikiratu nkhonya isanafike, silitaya mphamvu chifukwa cha mtunda. Luso lofuna kuti udine mkati mwa kanthawi kochepa mdani akangokweza dzanja limataya kwambiri. Kwa healer, machiritso oikiratu ndi oyenda pang'onopang'ono ndi odalirika kuposa aja opulumutsa munthu pa mphindi yomaliza, chifukwa moyo umene ukuuona pa sikirini ndi wa kale pang'ono. Ndipo pointi imodzi kapena ziwiri zimene katswiri wa ku Ulaya anaziika pa kuvulaza, iwe ukhoza kuziika pa moyo kapena pa liwiro lothawira popanda manyazi. Wakufa savulaza chilichonse, ndipo 5 peresenti imene wataya pa pepala ndi yochepa poyerekeza ndi mphindi zitatu zogona pansi kudikira kuti wina akudzutse.

Palinso magetsi. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Lusaka ankaona magetsi maola ochepa chabe pa tsiku, ndipo aliyense anaphunzira kuti laputopu ikhoza kukhala ndi batire koma rauta n'kuthima. Izi nazo zimakhudza ntchito imene munthu angasankhe pa gulu. DPS mmodzi akaduka, anzake amapitiriza movutikira. Tank kapena healer akaduka pakati pa boss, gulu lonse limagwa, ndipo anthu a ku mayiko ena amene wasewera nawo sadzafunsa za Kariba. Amene alibe inveta kapena kabatire ka rauta angachite bwino kusiya utank wa magulu akuluakulu mpaka nyengo itakhazikika. Pa nyengo yotere EVE ili ndi mwayi wake, poti maluso amapitirira kukula nyumba ili mumdima, ngakhale chombo chosiyidwa pamalo oopsa netiweki itaduka chikhoza kupezeka chitaphulitsidwa.

Mu Albion nkhaniyi imafika pa thumba. M'madera ofiira ndi akuda, ukaphedwa umataya zonse zimene wavala ndi kunyamula, zambiri n'kutoledwa ndi wokuphayo, ndipo popeza maluso ali m'zovalazo, umadzuka m'tauni ulibe ngakhale batani limodzi lomenyera. Zida zimayambira tier 1 kufika tier 8, mtengo ukukwera kwambiri pa sitepe iliyonse. Wa netiweki yosadalirika amene wathira siliva yake yonse pa seti imodzi ya tier 8 akhoza kuitaya yonse m'masekondi khumi amene sikirini yaima. Siliva yomweyo ingagule maseti ambiri a tier 4, n'kuwasunga m'banki ya m'tauni, aliyense wokonzeka kuvala. Mphamvu ya seti yotchipayo imakwera ndi fame, mapointi amene wasonkhanitsa pogwiritsa ntchito chida chimenecho, ndipo fame siitoledwa ndi wokupha. Choncho kukakamira chida chimodzi kwa nthawi yaitali, m'malo modumphadumpha kutsata chilichonse chimene chatchuka mwezi umenewo, kumapangitsa kuti uta wa tier 4 m'manja mwako uzimenya kuposa wa tier 5 m'manja mwa amene wangougula dzulo.